Ogulitsa m'mashopu: renti ndi takisi zikudya malipiro tisanawaone

Abale anga amene mukugulitsa m'mashopu kuno ku Joni, kaya ndi ku Dragon City, ku Oriental Plaza ku Fordsburg, kapena m'mamolo a ku Sandton ndi Rosebank, pali nkhani imene ikutipweteka. Munthu akamva kuti ku Cape Town kapena ku Sandton akulipira R6,500 pomwe iye akulandira R5,600, amangonyamuka osawerengera kuti ndalamayo idzathera kuti. Pakatha miyezi itatu ali m'ngongole za katapila, kumudzi osatumiza kanthu.

Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka m'dziko la South Africa ndi amodzi m'mizinda yonse. Kuyambira pa 1 March 2025 anali R28.79 pa ola, ndipo boma limawakweza chaka ndi chaka mwezi wa March. Maola wamba ndi 45 pa sabata, ndiye pa mtengo umenewo mwezi umabwera pa R5,600 ndi kakang'ono. Vuto ndi ili: ndalama imeneyi ndi yomweyo ku Johannesburg, ku Durban, ku Cape Town ngakhale ku Polokwane, koma renti ya chipinda ndi mtengo wa takisi sizifanana ayi. Mabwana ambiri amaima pa malire a lamulo pomwepo. Shopu ikugulitsa pa mitengo ya ku Sandton, koma wogulitsayo akulipidwa ngati amagona kuseri kwa shopuyo. Ine ndikuona kuti kumeneku ndi kudyera anthu masuku pamutu.

Tiyerekeze ndi manambala, inu muikepo mitengo ya kwanuko. Wina akukhala ku Mayfair, wapeza ntchito ya R6,500 ku molo ya kumpoto kwa mzinda. Akwera takisi yopita m'tauni, pa siteji ya Bree kapena ya Noord akwera ina, madzulo chimodzimodzi. Ndi matakisi anayi pa tsiku. Iliyonse ikakhala R20, ndiye R80 pa tsiku, masiku 26 yakwana R2,080. Chotsaninso R65 ya UIF (thumba lothandiza anthu ntchito ikatha), yomwe ndi 1 peresenti ya malipiro. Watsala ndi R4,355 asanalipire renti. Mnzake wa R5,600 amene amayenda wapansi kuchoka ku Mayfair kupita ku Fordsburg watsala ndi R5,544. Wa malipiro ochepayo ndiye ali ndi ndalama zambiri m'thumba, komanso sadzuka 4 koloko kukaima pa mzere wa takisi m'nyengo yozizira ya June. Ndipo molo ikatseka usiku matakisi atatha, Uber imodzi yokha imameza ndalama ya tsiku lonse.

Ku Cape Town chimene chimaluma kwambiri ndi renti. Malo okhala pafupi ndi ntchito ndi odula, n'chifukwa chake abale athu ambiri amathera ku Dunoon kapena ku Imizamo Yethu ku Hout Bay, ena anayi m'chipinda chimodzi. Malonda kumeneko amatentha mu December ndi January alendo akachuluka, nthawi ya mvula ndi chisanu amazilala, komishoni nayo imatsika pomwe renti ili pomwepo. Ku Durban nyumba zimatsikirako, koma musayembekezere kuti bwana akupatsani zoposa za kuno.

Tsono komishoni ndi pamene ambiri timagwera m'mbuna. Bwana akati "beziki ndi yochepa koma komishoni ndi yabwino," mufunseni bwinobwino musanavomere. Komishoniyo imayamba pa katundu woyamba kugulitsa, kapena mukadutsa tageti? Amawerengera pa mtengo wokhala ndi VAT ya 15 peresenti kapena atachotsa? Kasitomala akabweza foni kapena sofa patatha sabata ziwiri, amakudulani? Nanga katundu wa leyibayi, wolipira pang'onopang'ono asanatengedwe, komishoni imabwera tsiku loyamba kapena akamaliza kulipira? Mayankho onsewa alembedwe mu kontirakiti. Tageti ya shopu ya pa molo yodzaza anthu siingakhale yofanana ndi ya shopu ya m'kamsewu kopanda anthu, koma makampani ena amaika imodzimodzi. Dziwaninso kuti ngakhale mukulipidwa pa komishoni, ndalama yonse ya pa mwezi isatsike kuposa malipiro otsikitsitsa aja pa maola amene mwagwira.

Zodula nazo zili ndi malire ake. Tilu ikaperewera kapena katundu akasowa, bwana alibe ufulu wongodula. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act limafuna kuti kulakwa kukhale kwanu, akupatseni mpata wodziyankhira, muvomereze polemba, ndipo zodulazo zisapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro anu. Maola owonjezera amalipidwa kamodzi ndi theka. Lamulungu ndi kawiri, koma ngati ndi tsiku lanu lantchito nthawi zonse ndi kamodzi ndi theka. Sungani payslip iliyonse, ndipo lembani m'kope ola lolowa ndi lotuluka tsiku lililonse, chifukwa ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, umboni umenewu ndi umene umakuyankhulirani. Kumeneko salipiritsa, ndipo amamva madandaulo a anthu obwera ngati ife. Mukachotsedwa ntchito mopanda chilungamo muli ndi masiku 30 okha okadandaula.

China chimene chimatisokoneza ndi kusintha randi kukhala kwacha m'mutu. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, R5,600 imamveka ngati chuma ukaiuza achibale ku Mangochi kapena ku Mzimba, ndipo iwo amayamba kuyembekezera zambiri. Koma renti, magetsi ogula mayunitsi, ufa ndi ndiwo mumalipira mu randi. Auzeni zoona za ndalama imene imatsala, ndipo potumiza pa Mukuru kapena Hello Paisa yang'anani reti ndi chindapusa chake pamodzi.

Mukaitanidwa ku ntchito ya mzinda wina, funsani kaye munthu wokhala komweko renti ya chipinda, dipoziti yake, ndi matakisi angati kukafika pa shopu. Ngati bwana sangakweze beziki, pemphani ndalama ya thiransipoti kapena akusamutsireni ku nthambi yapafupi ndi kumene mukugona. Ambiri amavomera msanga zimenezi kusiyana ndi kukweza malipiro.