Inu a makontilakiti okolopa, zaulere mukulandirazi zikupwetekani

Lachiwiri lapitali m'mamawa, kuzizira kwa kuno ku Dedza mukukudziwa, ndili pakhonde kwa achemwali anga ndikumwa tiyi, ndangoona amayi anayi alowa pa mpanda, wina mwana kumbuyo, wina wanyamula ndowa ndi mopu ngati akupita ku ntchito. Ati tikufuna mwana wanu. Mwanayo ine ndi malume ake, ali ndi kakampani kokolopa m'maofesi ndi m'malo ogona alendo pa boma pano. Miyezi itatu amayiwo osalandira kanthu. Mwini wake ali m'chipinda, foni wathimitsa, katani watseka.

Ndidalowa nkumukoka. Ndati iwe, ndalama za anthuwa zili kuti? Ati "Malume, abwana aja sanandilipirebe, ndiye kukawakumbutsa ndikuchita manyazi, ndi munthu wabwino kwambiri." Ndati ubwino wake uti? Ati "Nkhomaliro ndimadya komweko osalipira, mwezi watha adandipatsa thumba la mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, ngakhale foni iyi adandipatsa ndi iwowo."

Mxiii. Mwana wopita ku sukulu ameneyu. Thumba la mbatata! Mbatata yomwe ili mbwee pa Lizulu, amayi akukuthamangira nayo pa windo la minibasi, ndiye wagulitsa nayo pakamwa pako? Amayi anayi ana awo akugona ndi njala chifukwa iwe udadya chipisi ndi nkhuku ya abwana?

Ndipo siyekhayu ayi, ndiye chandilembetsa. Achinyamata ambiri amene mwayamba bizinesi imeneyi, kuyambira pa Linthipe, pa boma, mpaka ku Ntcheu uko, mwatengera khalidwe lomweli. Kasitomala akangoti "tengani aka" manja awiri muli tambasu, mano onse pamtunda. Mayunitsi mulandira. Lifiti ya ku Lilongwe mulandira. Jekete ya kaunjika mulandira. Botolo la mowa Lachisanu madzulo mulandira, nkukhala nawo pa tebulo limodzi kumaseka ngati mudakulira limodzi. Kodi mudapita kukagwira ntchito kapena kukapempha? Invoisi mudalemba ija idali ya chiyani?

Akuluakulu adati kupatsa nkuikiza. Inu mumayesa mwambi umenewu ndi wa kutchalitchi kokha eti? Amene akukupatsaniyo akuikiza, ndipo tsiku lodzatenga zake likubwera. Lamlungu mmawa foni ilira, "achimwene, kunyumba kuno kudali chinkhoswe dzulo, tabwerani ndi amayi anu aja adzangothandizako pang'ono." Pang'ono pakeyo mapoto a nsima khumi, matenti, bwalo lonse, zimbudzi. Mukana? Mukana ndi pakamwa pati, pomwe padalowa nkhuku paja? Mupita, sopo wanu, Jik wanu, transipoti yanu, amayi aja muwauze kuti Mulungu adzakudalitsani.

Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 chilichonse chidakwera, sopo, magolovesi, mabulashi, Vim, mopu amene. Anzanu anzeru adalemba makalata sabata yomweyo kuti mtengo wa kontilakiti tiwuonenso. Inu a zaulere mudangoti duu. Mpaka lero ena mukukolopa pa mtengo wakale, mukuika ndalama za m'thumba mwanu kuti ofesi ya munthu wina inunkhire bwino. Bizinesi yake iti imeneyo?

Ine ntchito yokolopayi ndidaigwira zaka zambiri mawondo asadayambe kuvuta, ndiye sindikunena za m'maluwa. Chimene sindidzaiwala ndi cha mayi wina amene ndinkagwira naye pa malo ena ogona alendo. Mtsikana wa pa risepushoni adamuuza kuti makatani akalewa tengani amayi, tikuika atsopano. Mayi uja kukondwa, wapinda bwinobwino, waika m'chikwama cha shangani. Wafika pa geti mlonda ati tsegulani. Kalata ili kuti? Palibe. Wakupatsani ndani? Aitana mtsikana uja, ndipo pamaso pa manijala adangoti "ine? ine sindidanene choncho." Ndidamuona mayi uja atakhala pansi pa simenti yozizira, makatani ali pambali, nsapato imodzi yavuka, anthu odutsa mu msewu akusuzumira. Mayi wa mvano, wa ana asanu. Adagona ku polisi usiku umodzi chifukwa cha nsalu zothetheka ndi dzuwa zomwe ngakhale pa msika sakadagula munthu. Kontilakiti idathera pomwepo, ndipo matawulo onse amene adasowa chaka chimenecho adawerengera ife.

Ndiye lero ndikamaona antchito anu akutuluka pa geti ndi majumbo otupa, inu mabwana awo muli phee, ndimangogwira pakamwa. Simukudziwa kuti chikasowa chinthu mu ofesi woyamba kumuloza ndi wokolopa? Laputopu yasowa, wokolopa. Ndalama za mu dirowa, wokolopa. Shuga wa mu kitchini amene akumaliza ndi ma ofesala eni ake, wokolopa. Ndiye munthu amene dzina lake lili kale pa mlomo mukumulola azituluka ndi katundu wopanda kapepala?

Zakudya zotsala pa ma wekishopu ndiye musanene. Mpunga ndi nyama zakhala pa tebulo kuyambira masana, ntchentche zachitapo msonkhano wawo, madzulo akuti "amayi okolopa tengani mukapatse ana." Inu nkumathokoza mpaka kugwada. Kolera ya 2022 ndi 2023 ija mwaiwala kale? Maliro aja tinkaika mothamanga opanda ndi mwambo womwe aja? Mwana akatsegula m'mimba usiku amene adakupatsani mpungayo adzabwera ndi galimoto kudzakutengerani ku chipatala?

Pena akupatsani chigubu cha mankhwala chopanda lebulo, ati chidatsala ku stolo, mukagwiritse ntchito. Inu osafunsa kuti ndi chiyani, mwapatsa mtsikana wa ganyu, iye wathira mu ndowa momwe muli kale Jik. Jik akakumana ndi mankhwala a asidi otsukira zimbudzi aja amatulutsa mpweya wa chlorine, mu kachimbudzi kotseka kopanda windo munthu amabanika, maso kuwotcha, chifuwa kuthina. Mwapulumutsa ndalama zingati pamenepo?

Tsono iyi ndiyo imandiwawa kwambiri, ya atsikana. Mwalemba ana a eni ake, ena angomaliza Fomu 4, mwawatumiza kukakolopa ofesi ya bambo wamkulu 6 koloko mmawa kulibe munthu wina. Lero bambo aja amutumizira ya sopo pa Airtel Money. Mawa ya mayunitsi. Mkuja "ndikusiye kunyumba, kwazizira." Inu mukuziona, mukuseka, mukuti abwana ndi ochezeka. Mungamudzudzule bwanji mtsikanayo poti inunso foni ili m'thumba mwanuyo adakupatsani ndi bambo omwewo? Mimba ikaoneka makolo ake adzafika pakhomo pa ndani? Nyambo imeneyo simukuiona, anthu akuluakulu ndevu pepeya?

Enanso a m'maofesi a boma ndi mabungwe, ofesala akukugulirani nkhomaliro, akukuthirirani mafuta, kenaka tsiku lina akubweretserani pepala, "apa ingosainani kuti mudakolopa masiku 30, komanso mudatchetcha kapinga." Kapinga simudamukhudze. Ndalama yapamwambayo ndi yake, siginecha ndi yanu, chidindo ndi cha kampani yanu. A ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu lija, akadzabwera adzawerenga dzina la ndani? Lamulo lothana ndi ziphuphu lilipo kuyambira 1995, silidayambe dzulo, ndipo ku Maula sakafunsa kuti mudangodyako nkhomaliro yokha.

Wina anena kuti madala awa akufuna tizikana ndi madzi akumwa omwe. Ayi. Kapu ya tiyi mu Juni kuno ku Dedza, manja atauma ndi madzi ozizira, ndi umunthu, imwani. Pa Khirisimasi kampani ikapereka kaphukusi kwa aliyense poyera, mlonda walandira, wa ku kitchini walandira, landirani nanunso. Koma za kuseri, za "musauze anzanu", za munthu mmodzi amene ali ndi ngongole yanu ya miyezi itatu, mukusowa kusiyanitsa pamenepa? Munthu akulephera kukulipirani zanu koma akutha kukugulirani mowa, mutu wanu sukugunda?

Mwana wa achemwali uja ndidamuuza abweze foniyo tsiku lomwelo, alembe kalata yokumbutsa ngongole, ndipo ndidamuperekeza ndekha mpaka pa geti. Thumba la mbatata lidali litadyedwa kale theka. Achemwali anga adagulitsa mbuzi ziwiri kuti awapatseko amayi anayi aja ya mwezi umodzi, mbuzi zomwe ankasungira feteleza. Abwana abwino aja atawona kalata nkhope idasintha, ati "sindimadziwa kuti ndiwe wotere." Mpaka pano akuti cheke chikudikira siginecha.

Ndiye dzulo ndikudutsa pa depoti ndamuonanso mnzake wina wa bizinesi yomweyi akukweza thumba la makala pa kabaza, akuti amupatsa abwana a ku ofesi. Kuseka mpaka m'makutu.

Manyazi mulibe anthu inu? Bwezani zinthu za eni.