Kabainokyula kodula koma kokwana m'thumba: maganizo anga

Mnzanga wina anandiseka ataona kabainokyula, kachipangizo koonera zinthu zakutali, komwe ndimayenda nako kuonera mbalame. Akuti, "Ndalama zonse zija munaperekera kameneka? Kachidole ka ana?" Sindinamuyankhe. Ndinangomupatsira n'kumulozera pumbwa yemwe anatera panthambi chapatali pang'ono. Munthu uja anangoti zii, kenako ndikumva akung'ung'udza yekha kuti akuona nthenga iliyonse ya pakhosi. Kuti andibwezere zinavuta. Ndiye poti ambiri mwakhala mukundifunsa kuti mugule yotani, lekani ndinene kamodzi n'kamodzi.

Ine ndili nazo ziwiri. Yaikulu ndi 8x42, yabwino kwambiri, koma imalemera magalamu opitirira 700, ndipo masiku ambiri imangogona m'kabati. Mbalame sipangana ndi munthu tsiku. Imatulukira uli paulendo wina, ukudikira munthu, kapena wangotuluka kukawongola miyendo, ndipo nthawi imeneyo chimphona chija chili kunyumba. Yaing'ono, ya 8x25, sindisiyana nayo. Mbalame zambiri zomwe ndinaziona koyamba m'moyo mwanga ndinazionera m'kameneka. Koma chomwe ndikufuna mumvetse n'chakuti pa mabainokyula ang'onoang'ono ndi pomwe otchipa amakhumudwitsa kwambiri. Yaikulu yotchipa imakhululukidwa, umaonabe. Yaing'ono yotchipa ndi ndalama zotaya.

Tiyambe ndi manambala aja, chifukwa ndi pomwe ogulitsa amatikolera. Pa 8x25, nambala yoyamba ikutanthauza kuti chinthu chikuoneka chachikulu maulendo 8: mbalame yomwe ili pa mamita 40 imakhala ngati ili pa mamita 5. Yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo, mamilimita 25. Anthu ambiri amathamangira nambala yoyamba, amati 10 ikuposa 8, ndipo 12 ndiye mfumu. Inenso ndinkaganiza choncho.

Chitani izi. Tengani bainokyula iliyonse, muitalikitse ndi nkhope, muiloze kumwamba kowala, muyang'ane pa magalasi oikapo maso. Muona kadontho kowala pakati pa galasi lililonse. Kuwala konse kofika m'diso mwanu kumadzera pa kadontho kameneko, ndipo kukula kwake mumakupeza pogawa nambala yachiwiri ndi yoyamba. Pa 8x42 ndi mamilimita 5.25. Pa 8x32 ndi 4. Pa 8x25 ndi 3.1. Pa 10x25 ndi 8x20 ndi 2.5 basi. Tsono mwana wa diso la munthu masana dzuwa likuswa mtengo amachepa kufika mamilimita 2 kapena 3, ndipo mumdima amakula mpaka cha m'ma 7 kwa achinyamata, kwa akuluakulu cha m'ma 5. N'chifukwa chake masana 8x25 yabwino imawala pafupifupi mofanana ndi 8x42. Kuwala kowonjezera kwa yaikuluyo diso silikulandira n'komwe.

Koma 2.5 ndi yothina. Diso likangosuntha pang'ono, m'mbali mumachita bii. Onjezerani kunjenjemera kwa manja: 10 imakulitsa mbalame maulendo 10, komanso imakulitsa kugwedezeka kwa dzanja lanu maulendo 10, ndipo kachipangizo kopepuka kamagwedezeka kuposa kolemera. Pamwamba pa izo, malo omwe mukuona amachepa. Kambalame ka m'tchire sikadikira munthu. Kamadumpha apa, kadumpha apo, ndipo ukamakasaka ndi bainokyula yoona malo ochepa, pomwe ukupeza nthambi yake kapita kale. Ndiye 10x25 ine ayi. Ilipo ntchito yake, monga kuona mbalame za m'madzi zili patali pamalo poyera, koma munthu wogula imodzi yokha atenge 8.

Nanga ndalama zambirizo zimapita kuti? Zimapita pa zinthu zosaoneka ndi maso. M'kati mwa bainokyula muli magalasi angapo ndi maprizimu, timagalasi ta ngodyangodya totembenuza chithunzi kuti chisaoneke chadodolido. Mabainokyula akale aja a mapewa otambalala amagwiritsa ntchito njira ya Ignazio Porro wa ku Italy, ya m'zaka za m'ma 1850. Ang'onoang'ono apamwamba, owongoka ngati timapaipi tiwiri, amagwiritsa ntchito maprizimu a mtundu wina omwe amagawa kuwala pawiri n'kukuphatikizanso. Pophatikizana paja chithunzi chimafooka ngati sanapakepo mankhwala apadera okonza vutolo, omwe a Zeiss, kampani ya ku Germany yopanga mabainokyula, anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1988. Komanso galasi losapakidwa kanthu limabweza pafupifupi magawo 4 pa 100 aliwonse a kuwala pa nkhope yake iliyonse, ndipo nkhope zotero m'bainokyula zimapitirira khumi. Werengerani nokha kuti kotsala n'kochuluka bwanji. Njira yopaka magalasi kuti asabweze kuwala anaitulukira Alexander Smakula ku Zeiss komweko mu 1935, ndipo mpaka lero mpikisano wa makampaniwa uli pamenepo. Galasi likakhala la mamilimita 25 okha, palibe kuwala koti n'kutaya.

Palinso nkhani ya mitundu. Yang'anani khwangwala ali pawaya, kumbuyo kwake kuli mitambo yoyera. Bainokyula wamba imamujambulira mzere wofiirira kapena wobiriwira m'mbali mwa thupi, mtundu womwe khwangwalayo alibe. Magalasi olembedwa ED kapena FL amachepetsa zimenezo. Kwa munthu wongoona mpira pabwalo n'zosadetsa nkhawa, koma ife timasiyanitsa mbalame ziwiri ndi kamzere kamodzi ka pamwamba pa diso.

Yanga yoyamba inali yotchipa, dzina lake tisalitchule. Mwezi woyamba ndinkainyadira. Tsiku lina inagwa kuchokera pampando, osati patali n'komwe, ndipo kuyambira pamenepo ndikayang'anamo mphindi zisanu mutu unkayamba kuwawa cha m'mphumi. Ndinkaganiza kuti ndi maso anga. Kumeneko n'kuti timapaipi tiwiri tija tasemphana, kena kakuloza apa kena apo, maso n'kumalimbana kuti aphatikize zithunzi ziwiri. Mvula itaivumbwa kamodzi, m'kati munachita nthunzi yosapukutika, ndipo patapita miyezi munamera nkhungu ngati ulusi wa kangaude. Zapamwamba amazimata bwino n'kuzidzaza mpweya wa nayitrojeni kuti chinyezi chisalowe, ndipo ikawonongeka amaikonza, siyotaya.

Mayina omwe mukumane nawo ndi atatu. Swarovski ya ku Absam m'dziko la Austria ili ndi CL Pocket 8x25, yolemera magalamu pafupifupi 345, yoonetsa malo otambalala mamita 119 pa mtunda wa mamita 1000. Zeiss Victory Pocket 8x25 imalemera pafupifupi magalamu 290 ndipo imaonetsa mamita 130. Leica ya ku Wetzlar m'dziko la Germany ili ndi Ultravid 8x20, kakang'ono kwambiri, magalamu pafupifupi 240, koma kadontho kaja ndi 2.5. Mu 2021 a Swarovski anatulutsanso CL Curio 7x21, ya magalamu 250, yoonetsa mamita 135. Imeneyi imandisangalatsa chifukwa anachita zosemphana ndi zomwe msika umakonda: anatsitsa nambala yoyamba kufika 7, kadontho n'kukhala mamilimita 3, chithunzi n'kudekha. Ine mtima wanga uli pa Victory Pocket chifukwa cha kutambalala kuja, koma sindingakangane ndi munthu wosankha ina mwa zimenezi. Pamlingo umenewu palibe yoipa, nkhani imatsala pa nkhope yanu ndi manja anu.

Ndipo apa ndi pomwe intaneti singakuthandizeni. Mabainokyula ambiri a m'thumba amapindika malo awiri kuti achepe kwambiri posunga. Ubwino wake amalowadi m'thumba la malaya. Kuipa kwake, nthawi iliyonse ukatulutsa uyenera kuyezanso kuti agwirizane ndi kutalikirana kwa maso ako, mbalame ikukuyang'ana. Victory Pocket imapindika malo amodzi, chakumbali, choncho imafulumira kukhazikika koma ikapindidwa imakhala yokulirapo. Ena zopindika pawirizi amazizolowera sabata imodzi, ena mpaka kale. Simungadziwe musanagwire.

Inu ovala mandala, tamverani. Pali nambala ina yomwe imanena kutalika komwe diso lingakhale kuchokera pagalasi n'kumaonabe chithunzi chonse. Ikachepera mamilimita 15, mudzakhala ngati mukusuzumira pabowo la kiyi. Funani 16 kapena 17, ndipo poyesa musavule mandala anuwo. Timakapu toikapo maso mutitsitse, osavala mandala atikweze. Ndaonapo anthu akunyoza bainokyula yabwinobwino chonsecho timakapu tili polakwika.

China chomwe sindinkachiwerengera pogula koma pano ndimachikonda ndi kuona zapafupi. Zabwinozi zimaona bwino chinthu chomwe chili pa mamita awiri okha kapena kupitirira pang'ono. Gulugufe ali paduwa, buluzi akuwothera dzuwa pamwala, tombolombo atatera paudzu, zonsezi zimasanduka zachilendo. Tsiku lina ndinatha theka la ola ndikuyang'ana mavu akumata nyumba yawo ndi dothi, mbalame ndinaziiwala.

Ndisakunamizeni, kakang'ono kali ndi malire ake. M'mbandakucha, kapena madzulo kachisisira kakagwa, kapena m'nkhalango yowirira, mwana wa diso amakula kufuna kuwala ndipo mamilimita 3 aja samukwanira. Pamenepo 8x42 imapambana, ngakhale yapakatikati. Wosaka akadzidzi asavutike n'kuganiza za 8x25. Komanso kuyang'anamo tsiku lonse kumatopetsa kuposa yaikulu, makamaka kwa a manja akuluakulu, poti kagudumu kowongolera chithunzi n'kakang'ono. Ngati mukudziwa kuti mudzakhala ndi imodzi yokha ndipo mumatuluka dala kukaona mbalame m'mawa mpaka madzulo, ganizirani 8x32. M'thumba la malaya silowa, koma pakhosi siilemera kwenikweni.

Poyesa musafulumire, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pemphani kutuluka nayo panja. Yambani mwakonza kusiyana kwa maso anu awiri: tsekani galasi la mbali yomwe kuli kowongolera diso limodzi, wongolani ndi kagudumu kapakati, kenako tsekani mbali inayo n'kuwongola ndi kapaderako. Mukatero yang'anani zilembo zili patali, muone ngati zikuwerengeka m'mbali mwa chithunzi osati pakati pokha. Lozani chakufupi ndi komwe kuli dzuwa, koma osati padzuwa penipeni, mungapse maso, muone ngati chithunzi chikuchita mbuu ngati chifunga. Yang'anani pamthunzi, pansi pa galimoto kapena m'kati mwa mtengo wa masamba ambiri. Pomaliza ipindeni, muiike m'thumba, muitulutse msangamsanga ngati mwaona chinachake, muwerenge kuti papita nthawi yaitali bwanji musanaone bwino.

Mnzanga wondiseka uja anachita zonsezi ndi yanga, kawiri konse. Pano akuti akusunga ndalama, koma akukakamirabe 10x25, akuti manja ake sanjenjemera. Loweruka tikupita limodzi kukaona timba, ndipo ndamubwerekera 10x25 kwa munthu wina kuti akayese yekha.