CHENJEZO kwa inu anyamata okonda maiki: lekani kuponya akufa kumoto mwachisawawa

Ana inu, ndakhala chete nthawi yaitali koma lero mundimve. Sabata yatha ndinali pa maliro kumudzi, mnyamata wina wapatsidwa mpata kuti alalikire, mwana wadzulodzuloli, tayi pakhosi Baibulo lili chitsekere, nkuyamba kukuwa kuti aliyense amene anafa Yesu asanabwere ngati sanali Myuda ali kumoto basi palibe zokambirana. Kenako analoza kumanda eti ngakhale makolo athu amene anagona uko amishoni asanafike akupsa. Gogo wina pafupi nane anangogwira kukamwa misozi ili chuchuchu. Zomwezi ndikuziona mma gulupu a WhatsApp, munthu waloweza vesi imodzi wayamba kale kugawa malo kumwamba ngati nyakwawa.

Ndikufunseni, Myuda woyamba ndani? Dzinalo likuchokera kwa Yuda mwana wa Yakobo. Nanga Abele, Enoki ndi Nowa amene Ahebri 11 ikuwatchula kuti anakondweretsa Mulungu ndi chikhulupiriro anali Ayuda a kuti? Abrahamu mwini wake anachokera ku Uri wa Akaldayo ndipo anayesedwa wolungama asanadulidwe, Paulo walimbikira zimenezi pa Aroma 4. Ndiye pa Genesis 14 mukumana ndi Melikizedeki mfumu ya Salemu, wansembe wa Mulungu Wam'mwambamwamba, sanali wa banja la Abrahamu koma ndi iyeyo anadalitsa Abrahamu, Abrahamu nkumupatsa chakhumi. Chakhumicho mumachidziwa bwino mukafuna ndalama, za mtundu wa munthu anachilandirayo ndiye simuwerenga.

Rahabi anali wa ku Yeriko, komanso mkazi wadama, ine sindikumunyoza ndi momwe zinalembedwera. Rute anali Mmoabu, pomwe Deuteronomo 23 imati Mmoabu asalowe mumsonkhano wa Yehova, koma Rute yemweyo anabala Obedi, Obedi anabala Jese, Jese anabala Davide. Tsegulani Mateyu 1 muwapeza azimayi awiriwa mumzere wa makolo a Yesu. Mukufuna kundiuza kuti agogo ake a Ambuye ali kumoto chifukwa cha mtundu? Yobu wa ku Uzi, Yetero wansembe wa ku Midyani, anthu a ku Nineve oposa 120,000 amene Yona anakwiya nawo atalapa, amenewo werengani nokha.

Koma imene imandiwawa ndi ya pa Luka 4. Yesu ali kwawo ku Nazarete anawakumbutsa kuti masiku a Eliya amasiye anali mbwee mu Israyeli koma mneneri anatumidwa kwa wa ku Zarefati, akhate analinso ambiri masiku a Elisa koma anachira ndi Namani wa ku Siriya. Anthu a msunagoge anapsa mtima mpaka kumukokera kuphiri kuti amuponye pansi. Ndiye inu mukamakuwa zanuzo mudziyang'ane bwino mwaima mbali iti tsiku limenelo.

Musakandinamizire kunjaku kuti mdala uja akuti aliyense anapulumuka kapena kuti Yesu ndi wosafunika, ayi sindinatero. Machitidwe 4:12, yoti palibe chipulumutso mwa wina aliyense koma Yesu, ilipo ndipo ndimaikhulupirira. Kungoti imfa ya Yesu inafikanso kumbuyo, Ahebri 9:15 ndi Aroma 3:25 zikunena za machimo akale omwe. Zili ngati ngongole ya pa golosale, watenga sopo ndi shuga pa 3 wolipira nkubwera pa 30, kope lonse nkufufutidwa. Davide naye sanamvepo ulaliki wa mtanda. Za amitundu opanda chilamulo Paulo pa Aroma 2 akuti chikumbumtima chawo chidzawaneneza kapena kuwaikira kumbuyo tsiku loweruza, ndipo oweruza pamenepo ndi Mulungu, si inu a tayi.

Za makolo athu mupite nazo pang'onopang'ono. Livingstone anafika kunyanja ya Malawi mu 1859, amishoni anakhazikika ku Magomero mu 1861, dzulo lomweli. Anthu anali akutchula kale Chauta, Namalenga, Mphambe, mpaka omasulira Buku Loyera anatenga dzina la Chauta lomwelo nkuliika m'Baibulo. Alipo anachita zoipa, alipo anaopa Mlengi ndi kuwala kochepa komwe anali nako, mndandanda wa maina awo ine ndilibe inunso mulibe.

Akulu a mpingo nanunso mukutigwetsa ulesi, maiki a pamaliro si opatsa aliyense wavala jekete. Gogo uja ndinapita kukamuona Lachitatu, sanagone masiku atatu kuganiza za agogo ake. Ndinamuwerengera Rute yense, machaputala 4 okha, mnyamata ujanso ndamutumizira uthenga abwere kunyumba Loweruka ndi Baibulo lake lotsekalo.