Mapanga awiri: makatuni tiziphunzira ngati a ku Joni, a ku Lusaka kapena a ku Dar?

Loweruka lapitali mwana wa achemwali anga anatulukira pa kaofesi kanga ku Old Town, laputopu ili kumsana, nkhope ili gwa. Mlandu ndinali nditaumva kale, poti mayi ake anandiimbira usiku wake. Mtsikanayu ali chaka chachiwiri ku yunivesite, akuchita za ulimi, koma tulo sakuliona. Amachezera kujambula tianthu ndi tizirombo n'kumatiyendetsa pa kompyuta. Mayi ake akuti, "Achimwene, muuzeni mwana wanuyo kuti mapanga awiri avumbwitsa, asiye zidolezo." Mwiniwake akuti, "Amalume, akunena zoona, ndiye ndisiye ulimiwo ndipite ku Joni ndikaphunzire makatuni okhaokha." Awiriwa pa mwambi agwirizana, angosiyana phanga lothawiramo. Ine pa nkhani iyi mwambiwo ndaukana, ndipo chondikanitsa ndi zimene ndimaona kwa anansi athu.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Makatuni ndi aja a anthu kapena nyama zojambula, zoyenda ndi kuyankhula. Motion graphics ndi zina: dzina la nduna lotsetsereka mmunsi mwa kanema pa nkhani za MBC kapena Zodiak, logo ya banki yotembenuka kumapeto kwa malonda, mzere wa mtengo wa chimanga wokwera pang'onopang'ono, mapu a Malawi maboma ake akufiira limodzilimodzi. Mu Lilongwe muno chodyetsa ana ndi chachiwirichi. Obwera pakhomo panga ndi a mabungwe, a maunduna a ku Capital Hill, a mipingo ndi eni mashopu. Safuna filimu. Amafuna mphindi imodzi yofotokoza kasungunulidwe ka Thanzi ORS, kapena kabzalidwe ka Sasakawa, yoti iyende pa WhatsApp.

Ku Joni, kumene mtsikanayu mtima wake wapita, zinthu anazikonza mwaukadaulo, ndipo sindikuwanyoza. The Animation School ili ndi masukulu ku Cape Town ndi Johannesburg, ndipo munthu amakhalako zaka zitatu akuchita makatuni basi. Wits ili ndi dipatimenti ya Digital Arts. Pamwamba pa masukuluwo pali makampani oyembekezera ophunzirawo, monga Triggerfish ya ku Cape Town imene inayamba mu 1996. Mu situdiyo yotere ntchito amagawana ngati nyama ya pa ukwati: wina amaumba chidolecho, wina amachiika mafupa kuti chizipinda mawondo, wina amachiyendetsa, wina ntchito yake ndi kuwala ndi mithunzi yokha. Ndiye sukulu imakusula kuti ukhale katswiri wa kachigawo kamodzi, chifukwa zigawo zinazo zili ndi eni ake.

Ubwere nalo luso limenelo kuno. Pa kaofesi kanga wolemba nkhani ndi ine, wojambula ndi ine, wokatola mawu kwa mnzanga wa pa wailesi ndi ine, ndipo wokadikira cheke pa benchi ku City Centre ndi ine ndemwe. Katswiri wa mithunzi yokha afa ndi njala. Osanenanso za fizi, imene imalipidwa m'marandi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makolo amene anali ndi ana kunja anaona okha mmene fizi inakulira usiku umodzi, sukulu isanakweze n'kamodzi komwe.

Za ku Zambia zimandipatsa kaduka, ndisabise. Mu Julayi 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4, makatuni a atsikana anayi a mu Lusaka wa m'tsogolo. Mwini nkhaniyo ndi Malenga Mulendema, mayi wa ku Zambia amene anasankhidwa pa mpikisano wa nkhani wa Triggerfish mu 2015. Taonani zaka zimene zinadutsa, zisanu ndi zitatu. Taonaninso kuti iye analowera pa khomo la kulemba. Nkhani ndi mzinda ndi za ku Zambia, koma makampani amene anaisenza ntchitoyo ndi a ku Cape Town ndi London. Apa pali chosangalatsa ndi chowawa pamodzi. Chosangalatsa n'chakuti munthu wokhala ndi nkhani yake angafike patali asanakhale katswiri wa kompyuta. Chowawa n'chakuti malipiro a manja ambirimbiri ojambula aja sanagwere ku Kalingalinga kapena ku Matero, makomboni a mu Lusaka.

Ku Lusaka komweko kuli sukulu ya MultiChoice Talent Factory, imene inayamba mu 2018 ndipo imatenga achinyamata a m'chigawo chino, Amalawi omwe. Ndi ya filimu ndi kanema, osati makatuni okha, koma kapangidwe kake ndi kamene kamandikoka: maphunziro a nthawi yochepa, manja ali pa zida. Munthu amasanjika lusolo pamwamba pa zimene ali nazo kale.

Ku Mozambique ndingodutsako. Ali ndi ISArC ku Matola, koleji ya zaluso ndi chikhalidwe, koma Chipwitikizi chimatitsekera khomo ambirife, ngakhale malire a Dedza ali pafupi chonchi. Ku Zimbabwe Saki Mafundikwa anatsegula ZIVA mu Harare mu 1999, sukulu ya design yolimbikitsa kuti zilembo ndi zithunzi zizichokera mu Africa momwe muno. Ndimamulemekeza bamboyo chifukwa sanadikire boma.

Amene andiphunzitsa kwambiri ndi Ataifa. Bungwe la Ubongo linayamba ku Dar es Salaam mu 2013, ndipo chaka chotsatira makatuni ake a Ubongo Kids anayamba kuoneka pa kanema, akuphunzitsa masamu ndi sayansi m'Chiswahili. Ukawaonera ndi diso la wojambula, zithunzi zake si zodabwitsa. Tianthu take n'tosavuta, sitiyenda mwamatama, mitundu yake ndi yowala basi. Koma ana amamatirira pa kanema, ndipo lero akuonetsedwa m'mayiko ambiri a mu Africa. Mphamvu yake ili pa anthu amene amakhala kuseri: aphunzitsi odziwa pamene mwana amasokonezekera akamagawa manambala, olemba nyimbo, ndi ofufuza amene amakaonetsa ana chigawo chisanatuluke kuti aone ngati amva. Wojambula amabwera kudzatumikira phunzirolo. Ataifa anayamba ndi funso lakuti mwana wa ku Temeke akusowa chiyani, kenako n'kufunafuna chithunzi choyankha funsolo, m'chinenero chimene mwanayo amalotera.

Apa ndi pamene ndimati ife njira yathu ndi ya phunziro lachiwiri. Si chinthu chachilendo. Aliyense amene anadutsa pa Chanco akudziwa za major ndi minor: mphunzitsi wa ku sekondale amatuluka ndi phunziro lalikulu ndi lina lothandizira, ndipo palibe amene amati wavumbwa. Ndiye tangoganizani wophunzira za ulimi, za umoyo, za uphunzitsi, za utolankhani kapena za malonda atatenga motion graphics ngati minor. Vuto limene ndimakumana nalo sabata ndi sabata likhoza kutha. Wa bungwe amabwera ndi chikalata cha masamba makumi anayi, chodzaza mawu a akatswiri, ine sindikudziwa kuti mfundo yeniyeni ndi iti, iye sakudziwa kuti chithunzi chingathe chiyani. Timataya masabata awiri kumasulirana. Namwino wodziwa kujambula storyboard, ndandanda wa tizithunzi toonetsa mmene kanema adzayendere, akhoza kudula mtunda wonsewo tsiku limodzi.

Chopinga chilipo, ndipo n'cha kamangidwe ka masukulu athu. Bunda inachoka kale mu University of Malawi n'kukhala maziko a LUANAR, ndipo mu 2021 Poly inasanduka MUBAS, pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala KUHeS. Zotsatira zake, aphunzitsi a zojambula ali ku Zomba, a zaumoyo ali kwawo, a zaulimi ali kwawo. Minor imafuna kuti wophunzira atuluke m'kalasi ya nthaka alowe ya zojambula tsiku lomwelo. Pamene mtunda watalika, pafunika kuti masukulu abwerekane aphunzitsi, kapena aitane ife a m'tauni amene tikuchita ntchitoyi, kapena maphunziro ena aziyenda pa intaneti. Triggerfish yomweyo ili ndi maphunziro oyambira aulere pa intaneti, ndipo sikungakhale kuchita manyazi kuyambira pamenepo.

Mu minor yoteroyo muzikhala zotani? Choyamba masamu ochepa oti wophunzira achite mantha oyenera. Kanema wathu amayenda zithunzi 25 pa sekondi, ndiye mphindi imodzi ndi zithunzi 1,500. Kompyuta imathandiza: umaiuza pamene chinthu chayambira ndi pamene chithere, ma keyframe aja, iyo n'kudzaza pakatipo. Koma siingakuuze kuti mpira ukamagwa umathamanga, ukagunda pansi umaphwatalala pang'ono, ukamakwera umafooka. Zimenezo ndi diso, ndipo diso limakula ndi kubwereza. Chachiwiri ndi storyboard ya pensulo ndi pepala, kompyuta isanayatsidwe.

Chachitatu sangakuphunzitse ku Cape Town, ndicho Chichewa pa kanema. Mawu athu ndi aatali. Malo amene Mzungu anasiyira liwu la zilembo zisanu, iwe ukufuna kuikapo "ntchemberezandonda", ndipo uthenga wa masekondi 30 m'Chingerezi ukaumasulira sukwananso m'masekondi omwewo, wowerenga amachita kuthamanga ngati akulengeza maliro basi ikunyamuka. Zilembo zambiri zokongola zilibe ŵ, moti ukalemba "Malaŵi" pamatuluka kabokosi. Woonera wako ali pa foni yaing'ono ya galasi losweka, bandulo ikutha, ndiye kanemayo akhale wopepuka ndipo zilembo zikhale zazikulu. Wina sadziwa kuwerenga, choncho chithunzi ndi mawu apakamwa zisenze uthenga wonse pazokha. Ukazidziwa zimenezi, msika wako suthera pa Mchinji. Ku Chipata, ku Lusaka ndi ku Tete akumva zonse zimene wanena.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo achemwali anga si opusa. Minor ndi maola ochepa. Wotuluka nayo sadzapanga filimu ya Netflix, ndipo ena adzatuluka osapsa, odziwa kuvinitsa zilembo popanda chifukwa. Dziko lifunikabe anthu ochepa opita ku Joni kukamwa lusolo mpaka pansi, kuti adzaphunzitse enawa. Komanso zida n'zodula. Render ya usiku wonse, pamene kompyuta ikusandutsa zojambula zako kukhala kanema, magetsi akathima pakati imakuliza ngati mwana, ndinaziona ndekha kangapo ndisanagule batire ndi sola. After Effects, pulogalamu ya pa kompyuta yoyendetsera zithunzi, imalipidwa mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja, zomwe masiku ano kuzipeza ndi nkhondo. Koma apa pali pothawira. Alipo mapulogalamu ena: Blender ndi yaulere, Krita ndi yaulere, DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere, ndipo filimu ya ku Latvia imene inapata Oscar ya makatuni mu 2025 inapangidwa ndi Blender yomweyo. Sukulu yophunzitsa ana pa pulogalamu imene sangathe kulipira akamaliza ikuwaphunzitsa kuba.

Zonsezi ndinamuuza mtsikana uja, mwina motalikitsa, poti anayamba kuyang'ana kudenga. Kenako anatsegula laputopu kuti ndione chimene chikumulanda tulo. Anali masekondi makumi awiri a mbozi ya ntchemberezandonda. Kayendedwe kake kanali kolimba, ngati ikukokedwa ndi chingwe, ndipo mtundu wa masamba unali wobiriwira mopitirira. Ndinayamba kumukonza. Ndiye ndinakumbuka kuti zaka zapitazo ndinapangira bungwe lina kanema wa mbozi yomweyi, nditaiika pamwamba pa tsamba dzuwa likuswa mtengo, ndipo mlangizi wina atauona anangoseka n'kupukusa mutu.

Ya mtsikanayu inali itabisala mkati mwa nsonga, momwe masamba atsopano amatulukira. Pakamwa pa nsongapo anaikapo ndowe zake zonga utuchi, chizindikiro chimene mlimi amayamba kuona asanaione mboziyo. Pamutu pake panali kachilembo ka Y kozondoka, kumchira timadontho tinayi. Kumwamba kunali kwa chisisira.

"Bwanji mdima?" ndinamufunsa.

"Masana imabisala, amalume. Imadya kwambiri kukada."

Tinapangana kuti digiri amalize, Loweruka lililonse azibwera kuno ndizimuonetsa kayendetsedwe, ndipo kanema wotsatira wa zaulimi amene ndipeze, storyboard adzalemba ndi iye, ndalama tidzagawana. Za ku Joni tidzakambirana akavala gauni. Ndinawaimbira mayi ake pomwepo, foni ili pa sipika. Anamvetsera mpaka kumapeto osadula mawu, kenako anati, "Chabwino achimwene. Nanga ya minibasi Loweruka lililonselo azilipira ndani?"