Japan, Korea ndi China: aliyense amalera nkhani mwanjira yake

Pagulu lathu la okonda anime (makatuni a ku Japan) pa WhatsApp pali mkangano umene umazilala n'kuyakanso ngati moto wa pachitsa. Unayaka kwambiri mu May 2025, Solo Leveling atapambana mphotho ya anime wa chaka ku Crunchyroll Anime Awards. Achinyamata anakondwa mpaka mbandakucha. Koma mkulu wathu wina, amene anakulira pa Dragon Ball Z, anangolemba kuti, "Ana inu, ameneyo si anime weniweni, nkhani yake ndi ya ku Korea." Mlongo wina atabweretsa za ku China, onse anamukuwiza.

Ine ndimaonera zonse zitatu, malinga bandulo ikhalepo. Ndipo ndaona kuti tikamakoka chingwe chotere timakhala tikukanganirana kaleredwe ka nkhani, chifukwa maiko atatu oyandikanawa amasiyana kwambiri pa m'mene nkhani imabadwira isanafike pafoni yathu.

Ku Japan nkhani zambiri zimene timazikonda zimayambira m'magazini ya pamlungu. Yotchuka ndi Weekly Shonen Jump ya kampani ya Shueisha, imene inayamba kutuluka mu 1968. Mu 1995 inafika posindikizidwa makope 6.53 miliyoni pamlungu umodzi. Ndi chibuku chonenepa cha pepala lotsika mtengo, zithunzi zake zakuda ndi zoyera, ndipo wojambula aliyense amapereka masamba pafupifupi 19 mlungu uliwonse. Owerenga amavotera nkhani zimene zawasangalatsa. Nkhani ikamangokhala kumchira, akonzi amaidula pakangopita miyezi yochepa. Ikamakondedwa, imatha kukhala zaka zambirimbiri. One Piece inayamba mu 1997, katuni yake n'kuyamba mu 1999, ndipo inadutsa kale zigawo 1,000.

Taganizani zimene dongosolo lotereli limachita kwa mlembi. Sangadalire nkhondo yokha, chifukwa nkhondo imatopetsa ikachuluka. Ayenera kutipatsa anthu oti tizikhala nawo ngati abale: mphunzitsi wokalamba, mnzake wamantha, mdani amene mawa adzasanduka bwenzi. Mwininkhani amagwa, amalira, amakaphunziranso, ndipo mphamvu zimamubwerera pang'onopang'ono ngati chimanga chikukula. Ndimakumbukira mphwanga akuonera gawo lina pamene ngwazi inagonja kotheratu. Anaika foni pamphasa, nsima n'kuzizira m'mbale, akundifunsa ngati munthuyo adzadzukanso. Anali atayenda naye zigawo zoposa 100, ndiye kugonjako kunamupweteka ngati kwa m'bale wake. Pamenepa ndi pamene mtima wanga uli, sindibisa.

Ku South Korea nkhani imabadwira pafoni. Ma webtoon, nkhani zazithunzi zowerengera pa intaneti, anakula pamene kampani ya Daum inatsegula tsamba lake mu 2003 ndipo Naver inatsatira mu 2004. Zithunzi zake ndi zamitundu, zondandalikidwa kuchokera pamwamba kutsika pansi, moti chala chachikulu chimodzi chimakwanira. Ndinawerengapo ina nditapanikizika m'minibasi, dzanja lina litagwira chikwama pamwendo, ndipo sindinavutike konse. Tsamba la manga, nkhani yazithunzi ya ku Japan, limafuna kulikuza ndi zala ziwiri, n'kuyamba kuwerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere. Pa KakaoPage, tsamba lina la ma webtoon, pali njira yakuti ukadikira umawerenga gawo lotsatira ulere, ukapupuluma umalipira. Choncho mlembi amayesetsa kuti gawo lililonse lithere pokusiya m'malere, ndipo mwininkhani sachedwa kukwera. Solo Leveling inayenda njira imeneyi: inayamba ngati nkhani yolembedwa ndi Chugong mu 2016, inasanduka webtoon mu 2018, kenako situdiyo ya ku Tokyo ya A-1 Pictures inaipanga katuni imene inayamba kuonetsedwa mu January 2024.

Achinyamata a pagulu lathu amati chimenechi ndiye chokoma, nkhani yosazungulira. Ndimawamvetsa. Mnyamata wonyozeka amene aliyense ankamuyesa chabe, lero akugwetsa zimphona, ndani amene sangamuombere m'manja? Dandaulo langa ndi lakuti anthu omuzungulira amasanduka oonerera chabe. Ukatseka foni umakumbukira nkhonya, koma maina a anzake aja aiwalika.

Komabe mawu akuti "si anime weniweni" amandiwawa ndikakumbukira mbiri ya maiko awiriwa. Japan inalamulira Korea kuyambira 1910 mpaka 1945, ndipo ufulu utabwera South Korea inatsekera kunja mafilimu, nyimbo ndi mabuku azithunzi a ku Japan. Chitseko chinayamba kutsegulidwa mu 1998 mu ulamuliro wa Kim Dae-jung, pang'onopang'ono mpaka 2004. M'zaka za chiletsozo makatuni ena a ku Japan ankaonetsedwabe pa TV, koma atawasintha maina kuti amveke a Chikoreya. N'chifukwa chake ku Korea mnyamata wa tsitsi lofiira wa mu Slam Dunk, Sakuragi Hanamichi, amadziwika kuti Kang Baek-ho, ndipo filimu yake itafika kumeneko mu 2023 abambo amene anakula naye anadzaza m'nyumba zoonetsera kanema. Tsono onani kutembenuka kwake: Solo Leveling poonetsedwa ku Japan, mwininkhani wake Sung Jinwoo anamutcha Shun Mizushino. Mabala akale sanapoleretu, koma nkhani zimawoloka nyanja ndithu, ngakhale zitavala dzina lobwereka. Tisaiwalenso kuti kwa zaka zambiri masitudiyo a ku Seoul ankajambula zithunzi za makatuni a ku Japan ndi ku America paganyu, maina awo n'kumangooneka kumapeto kumene ambirife sitiwerenga.

China inasankha njira ina, yomanga mpanda kuti mbewu zake zikule. Mu 2006 boma linaletsa makatuni akunja pa TV kuyambira 5 koloko madzulo mpaka 8 koloko usiku, nthawi imene ana amakhala pakhomo. Mu 2015 linatulutsa mndandanda wa makatuni ndi mabuku azithunzi a ku Japan 38 oletsedwa pa intaneti, kuphatikizapo Attack on Titan ndi Death Note. Makatuni awo amawatcha donghua, ambiri ndi opangidwa pakompyuta mooneka ngati zidole zamoyo, ndipo amakonda kutunga m'chitsime cha nthano zawo zakale: milungu, zinjoka, anthu osinkhasinkha m'mapiri kufunafuna moyo wosafa. Ne Zha 2, imene inatuluka mu January 2025, inapeza ndalama zoposa madola 2 biliyoni, kuposa filimu ina iliyonse ya katuni, ndipo zambiri mwa ndalamazo zinachokera m'matumba a anthu a ku China komweko.

Zoti boma lizisankhira munthu wamkulu choti aonere sindigwirizana nazo. Nkhani ikamalembedwa mlembi akuyang'ana kumbuyo, imataya mano. Koma chimodzi ndimawasilira: mwana wa ku Chengdu amalowa m'nyumba ya kanema n'kupeza nthano ya makolo ake itavekedwa bwino kuposa zakunja. Mlongo uja amene tinamukuwiza ankanena zimenezi, ndipo tinamulakwira. Kaoneredwe kawo nakonso n'kosangalatsa. Pa Bilibili, tsamba lawo loonerapo makanema pa intaneti, ndemanga za oonera zimauluka pamwamba pa chithunzi penipeni, moti umakhala ngati uli m'chigulu cha anthu ochemerera ngakhale uli wekha kuchipinda. Luso limeneli analitengera ku Niconico ya ku Japan.

Kupalana moto kumeneku kunayamba kale. Mu 1941 abale a banja la Wan ku Shanghai anatulutsa Princess Iron Fan, filimu yaitali ya katuni yoyamba ku China. Inakafika ku Japan, ndipo mmodzi mwa amene anaionera anali mnyamata Osamu Tezuka, yemwe Astro Boy wake anadzatsegula njira ya anime wa pa TV mu 1963. Filimu ija inatengedwa m'buku lakale la ku China la Journey to the West, lonena za nyani wamphamvu Sun Wukong. Dzina limenelo Ajapani amalitchula kuti Son Goku, ndipo Akira Toriyama, mlembi wa Dragon Ball, analipatsa mwininkhani wake pamodzi ndi mchira, ndodo yotalika yokha ndi mtambo wouluka.

Izi ndinazilemba pagulu paja usiku womwewo, ndikuwauza akuluwo mwaulemu kuti, "Achimwene, Goku wanu uja kwawo kwa agogo ake ndi ku China." Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anandipempha dzina la filimu ya 1941 ija kuti akaifunefune.