Zimbale za jungle zituluke, okwiya akwiye

Ena akudandaula kuti makampani akutulutsanso pa vinyl (zimbale za galamafoni) nyimbo zakale za jungle, gule wa ku England, zija za m'ma 1992 mpaka 1995. Akuti chimbale chimene anachigula ndi mapaundi ochuluka pa Discogs, msika wa zimbale wa pa intaneti, chatsika mtengo. Ine ndikuti chitsike basi.

Nyimbo zimenezi ankazikonzera m'zipinda zogona achinyamata a ku London ndi Bristol, ambiri mwa iwo ana a makolo ochokera ku Jamaica ndi zilumba zina za Caribbean. Zida zawo zinali sampler ya Akai, makina ojambula ndi kudula mawu, ndi kakompyuta ka Amiga kapena Atari. Ankadula ng'oma za m'nyimbo zakale, kuzithamangitsa kufika pogunda cha m'ma ka 160 pa mphindi, pansi pake n'kuyala besi ya reggae yogwedeza chiwindi. Chimbale chimodzi chinkatuluka mazana ochepa chabe, china chopanda ndi dzina lomwe, pepala loyera lokha pakati. Nyimbo zina sizinaponde n'komwe m'sitolo. DJ ankapita ku Music House, malo odulira zimbale ku London, kukadulitsa dubplate, kachimbale ka acetate kamene singano imakaperepesa msanga, n'kukaiimba m'gule kapena pa Kool FM, wailesi yopanda chiphaso imene inayamba ku Hackney mu 1991. Zinkachepa chifukwa ndalama zinali zochepa, komanso ma DJ ankaumira nyimbo zawo kuti anzawo asakhale nazo.

Zambiri mwa nyimbozi zinatsala pa matepi a DAT, ndipo tepi imakalamba. Ikakhala m'katoni zaka 30, tsiku lina imangokana kulira. Ndiye a kampani ya zimbale ya Deep Jungle akamafukula matepi amenewa n'kutulutsa nyimbo zimene anthu ankangozimvera pa wailesi, inu mukuona vuto pati?

Komanso taganizirani, chimbale chakale chikagulitsidwa pa Discogs, ndalama yonse imalowa m'thumba la wogulitsa. Amene anakhala usiku wonse akudula ng'oma zija salandira olo khobidi. Chikatulukanso mwachilolezo chake, amapezako kangachepe. Ndipo a jungle nkhani imeneyi ayenera kuimva kuwawa kuposa aliyense. Ng'oma imene inanyamula gule yenseyu, ija amati Amen break, ndi masekondi pafupifupi 7 a mu "Amen, Brother" ya The Winstons, ya mu 1969. Anaiimba Gregory Coleman. Bamboyu anamwalira mu 2006 alibe pokhala, osadyako kanthu pa ng'oma yake.

Amene amandinyansa ndi awa otulutsa mwakuba, ongojambula kuchokera pa chimbale chokalikakalika, mwini wake osamuuza. Enanso ndi aja amatulutsa zochepa dala, zopaka mitundu yowala, kuti zithe tsiku lomwelo. Mawa lake mumazipeza pa intaneti mtengo utakwera kale, ogula ake anthu omwe aja osunga zimbale m'mapulasitiki osazitsegula.

Ngati mwaganiza zotulutsanso, tulutsani zokwanira, mawu ake amveke bwino, dzina la mwini nyimbo lilembedwe, ndipo mumulipire. Muikenso pa Bandcamp, tsamba logulitsirapo nyimbo pa intaneti, kuti wopanda galamafoni naye agule.