Chenjezo kwa amene mukumanga mabafa a m'nyumba muno mu Mzuzu

Abale anga amene mukumanga ku Luwinga, ku Katoto, ku Mchengautuwa ndi kwina konse mumzinda uno, ndimvereni, chifukwa mphwayi zimene mukuchita pa mabafa zafika ponyanya. Mumatsanulira ndalama pa geti ndi matailosi onyezimira a pabalaza, koma mukafika kubafa mumauza mmisiri kuti angopaka penti wa madzi pa pulasitala, kudenga n'kukhoma pulayiwudi kapena bolodi wamba la jipisamu, ngati kuti m'chipindamo muzidzasungiramo chimanga.

Kuno si ku Nsanje kumene khoma limauma lokha. Mzinda wathu uli pamalo okwera, mvula imapitirira mpaka mu Epulo, nthawi zina mu Meyi, ndipo mu Juni ndi Julayi makoma amadzuka ali ozizira kwambiri. Nthunzi ya madzi otentha ikagunda khoma lozizira imasanduka madontho, ndipo ndi madzi amenewo amene mumawaona akuyenderera. Ena mumagumulitsa khoma pofunafuna paipi yodontha, chonsecho munatseka zenera nokha poopa mphepo, mabowo a mpweya n'kuwatsekera ndi nyuzipepala.

Zotsatira zake taziona m'nyumba zambiri. Chuku chakuda chimayambira m'makona, penti amatupa n'kumasupuka, matawulo amanunkha chinyontho ngakhale achapidwe, ndipo mukasuntha kabati ya zovala kuchipinda chogona mumapeza khoma la kuseri kwa bafa lili bii. Mwana wodwala mphumu amagona akupuma zimenezo usiku wonse.

Khoma limene madzi a shawa amagundapo lipakidwe pulasitala wa simenti yokwanira, muikepo mankhwala oletsa madzi kulowa, ndipo mulisiye liume musanayale matailosi. Matailosiwo akwere kupitirira pamene pamatulukira madzi, pafupifupi mamita 2 kuchokera pansi, osati kulekezera m'chiuno monga ambiri mukuchitira. Muimepo nokha mmisiri akamagwira ntchito, pakuti alipo ena amene amangodonthetsa guluu pamakona anayi a tailosi pofuna kusunga thumba. Mukagogoda ndi chala tailosi n'kumveka ngati ng'oma, dziwani kuti kuseri kuli mphako imene madzi adzakhalamo. Mizere ya pakati pa matailosi idzazidwe bwino, m'makona muikemo silikoni, ndipo khoma lotsala pamwamba pa matailosiwo lipakidwe penti wa oyilo. Kudenga ikani siling'i ya pulasitiki ya PVC kapena bolodi lopirira chinyezi. Matabwa a paini a ku Chikangawa ndi abwino, koma osathiridwa mankhwala amawola msanga pamalo onyowa.

Ngakhale mutachita zonsezi, nthunzi ikasowa potulukira mwagwira ntchito yachabe. Zenera likhale m'mwamba ndipo lizitsekulidwa munthu akangotha kusamba, chitseko cholowera kuchipinda chili chotseka, koma kunsi kwake kukhale kampata kolowera mpweya. Ngati bafa lili pakati pa nyumba, ikani fani yotulutsira mpweyawo kunja kwenikweni, osati m'denga, chifukwa kumeneko nthunzi imakagunda malata ozizira n'kumadonthera pa mitengo ya denga.

Inunso eni nyumba za lendi, lekani kudula ndalama za alendi chifukwa cha khoma lakuda m'bafa limene munalimanga lopanda zenera. Boolani khoma, muike zenera kapena fani, kenako mupake pentiyo.